Mapazi a Otso m'Chipale

Chipewa cha chule chinali chikadali pamsomali m'chipinda cha Otso Rautiainen, ndipo m'mawa uliwonse chinkamuyang'ana ndi maso ake awiri otong'oka aja. Kalabu yathu ya gofu wa zimbale, masewera oponya zimbale za pulasitiki m'madengu achitsulo, ili ndi mwambo wake. Ayezi akasungunuka mu Meyi, timakoka dziwe la pa dengu lachisanu ndi mareki ataliatali, n'kuvuula zimbale zonse zimene zinamira chaka chonsecho. Pajatu aliyense amalemba dzina ndi nambala ya foni kunsi kwa chimbale chake, ndiye palibe zokana. Amene zake zachuluka amavekedwa chipewa cha chule, n'kuchisunga mpaka chaka chinacho. Chaka chatha za Otso zinavuuka khumi ndi zinayi. Womutsatira anali ndi zitatu zokha.

Chikhala kuti mnyamatayo anali wofooka, bwenzi anthu atamumvera chisoni. Koma ayi. Zaka khumi ndi zisanu, mapewa ngati chitseko, mwana wa a Veikko Rautiainen amene pa unyamata wawo ankaponya nthungo mpaka kutchuka m'chigawo chonse cha Savo. Kuno ku Finland mwana wa woponya nthungo sayenera kugonja kwa kachimbale ka pulasitiki. Komabe dziwe lija, mamita makumi asanu ndi awiri basi kuchoka poponyera kufika tsidya, linkamumezera zimbale ngati analilakwira.

Mu Januwale a Marjatta, mphunzitsi wa timu ya achinyamata, ananena mosapsatira mawu.

"Mpikisano wa ku Joensuu uli ndi madengu atatu owoloka madzi. Amene chimbale chake sichiwoloka dziwe lathuli sakwera basi yopita kumeneko. Tsiku lokoka dziwe aliyense adzaponya kawiri ine ndikuona. Chimodzi chikagwera pamtunda, wapita nawo. Zikamira zonse ziwiri, udzationera pafoni."

Mitu yonse inatembenukira kwa Otso. Iye anangopinda manja pachifuwa n'kuseka. Chaka chimenechi chinali chake, ankatero mumtima, chifukwa chiyambire nyengo yozizira dziwe lija anali akuliwoloka tsiku ndi tsiku.

Loweruka lina mu Febuluwale anafika pa dengu lachisanu ndi anzake. Dziwe linali gwa ndi ayezi, ndipo ana anali atasesapo chipale chofewa kuti azitsetserekapo, kungotsala kafumbi koyera ka usiku wathawo. Otso anamata kariboni kofiira, kansalu kakatali, kunsi kwa chimbale kuti chisasowe m'chipale, anabwerera m'mbuyo kutali, n'kuyamba kuthamanga. Anachikwapula ndi mphamvu zake zonse. Chimbale chinakwera m'mwamba, chinapendekera kumanzere, chinagwa pa ayezi, n'kutsetsereka mpaka kukagunda mabango a tsidya.

"Chawoloka kachisanu lero," anatero Otso akudzisisita phewa. "Mukawauze a Marjatta andisungire mpando wa pawindo."

"Sichinawoloke."

Amene analankhulayo anali Saimi Kettunen, kamtsikana ka zaka khumi ndi zitatu, kowonda, magalasi ake ali ndi nthunzi, kakubwira maswiti akuda amchere aja. Kanali kataima pambali kudikira kuti anyamatawo athane nazo.

"Wati chiyani, kamwana iwe?"

"Ndati sichinawoloke. Chayenda wapansi."

Anyamata aja anaseka, ndipo kusekako kunamulasa Otso. Saimi sanadikire yankho. Anatsikira pa ayezi, nayenso Otso anamutsatira kuti akamuchititse manyazi. Pakati penipeni pa dziwe mtsikanayo anaima n'kuloza pansi ndi nsapato. Pakafumbi koyera kaja panali zipsera zisanu zoyandikana, ndipo kuchokera pa chilichonse panali mzere wautali wopita tsidya.

"Zimbale zako zimagwera apa. Kuchoka apa akukunyamulira ndi ayezi. Mu Meyi pano padzakhala abakha."

"Iwe, ine ndingakupose ngakhale ndi dzanja lamanzere."

"Chabwino. Tiye ndikuonetse chinanso."

Anabwerera poponyera paja. Chipale sichisunga chinsinsi, aliyense amene wapondapo amasiya nkhani yake. Mapazi a Otso anali akuyaakuya, otalikirana ngati a mbawala yothawa galu, ndipo phazi lomaliza linaloza dziwe ndendende.

"Ukuponda ngati woponya nthungo," anatero Saimi. "Phazi laloza dziwe, chifuwa chaloza dziwe, maso ali padziwe. Nanga chiuno chizungulira bwanji pamene watsegula kale? Latsala dzanja lokha, nalonso likudutsa kutali ndi thupi. Kuponya ndi kuseri kwa dzanja kumafuna uyambe walipatsa msana dziwelo."

"Bambo anga ankaponya nthungo iwe usanalotedwe n'komwe. Ndiye lero undiphunzitse iwe?"

"Nthungo ndi nthungo, chimbale ndi chimbale."

Otso anapsa mtima. Anafufuta mapazi aja ndi nsapato mpaka onse atha, ngati kuti akafufutika ndiye kuti nkhani yatha. Saimi anangotukula mapewa. Anatenga chimbale chake chakale chachikasu, anayenda masitepe atatu aulesi cham'mbali, anatembenuza msana, kenaka thupi lonse linamasuka kamodzi. Chimbale chinadutsa chafulati, osakwera osatsika, n'kukagwera m'chipale cha tsidya, kupitirira mabango. Mtsikanayo anabereka chikwama chake n'kumapita, maswiti ali m'kamwa.

Madzulo ake m'sauna, kachipinda kosambiramo ndi nthunzi, Otso anawafotokozera bambo ake, koma mosankha mawu. A Veikko anathira madzi pamiyala yotentha, nthunzi inawamba makutu, ndipo anapukusa mutu.

"Zachibwana zimenezo. Munthu sapatsa msana chinthu chimene akufuna kulasa. Yang'ana komwe ukuponya, thamanga, tulutsa mphamvu. Chikakana kufika, wonjezera mphamvu. Mawa uyambe kuwaza nkhuni."

Mawu amenewa anamukomera Otso, chifukwa ndi amene ankafuna kumva. Anawaza nkhuni zokwanira nyengo ziwiri. Ananyamula zitsulo za bambo ake m'galaja mpaka malaya anayamba kumuthina. Koma kanthu kena kanali katamulowa m'mutu ndipo kanakana kutuluka. Akapita yekha ku dziwe, akaponya, ankayamba wayang'ana uku ndi uku, kenaka n'kutsikira pa ayezi kukaona pomwe chimbale chagwera. Chipsera chinali pakati pomwe paja. Tsiku limene anachimenya ndi ukali weniweni, chinakwera kwambiri n'kugwera pafupi kuposa kale.

Kumapeto kwa Marichi dzuwa linayamba kutentha. Ayezi anada, pamwamba pake panachita phalaphala, ndipo a kalabu anakhoma chikwangwani choletsa kupondapo. Otso anaponya monga mwa masiku onse. Chimbale chinagwa pakati pa dziwe, phwa, n'kukakamira pomwepo. Sichinasunthe ngakhale pang'ono. Kariboni kofiira kankangopepeluka ndi mphepo, iye ataima kumtunda, manja ali lende. Apa ndiye mantha anamugwira, mantha enieni. Kunali kutatsala masabata asanu ndi limodzi, ndipo anadziwa kuti miyezi itatu yonse wakhala akudzinamiza yekha.

Mbewa ya manyazi inafera kuuna, amatero. Lachinayi lotsatira, tsiku la supu wa nsawawa kusukulu, Otso ananyamula mbale yake, anadutsa tebulo la anzake, n'kukaima pomwe panakhala Saimi.

"Saimi."

"Kamwana kakudya," anayankha mtsikanayo osadzutsa mutu.

Otso anaima chomwecho, mbale ikumuwotcha zala, makutu ali psuu. Holo yonse inkaoneka ngati ikumuyang'ana.

"Ndinalakwa. Unanena zoona. Sichikuwoloka, ndipo sindikudziwa chochita. Ndithandize."

Saimi anamaliza supu yense kaye, mpaka kupukuta mbale ndi buledi wakuda.

"Masabata awiri sugwira chimbale. Ubwere kuseri kwa holo ya masewera tikaweruka. Utenge thaulo."

"Thaulo?"

"Wayamba kale kutsutsa?"

Anabweradi nalo thaulo. Saimi anamuimika cham'mbali, moyang'ana khoma, pafupi kwambiri moti akatambasula dzanja ankakhudza njerwa. Anamuuza agwire thaulo kunsonga, atembenuze mapewa mpaka msana uloze komwe akufuna kuponya, kenaka alikoke lidutse pachifuwa.

"Chigongono chitsogole. Dzanja lizitsatira m'mbuyo ngati mwana wotopa. Ukalizunguza kutali, khoma likuuza lokha."

Khoma linamuuzadi. Tsiku loyamba Otso anapita kwawo zala zili zosupuka, akutukwana chamumtima. Tsiku lachitatu anasiya kugunda njerwa. Kenaka anasamukira pabwalo la mpira pomwe chipale chinali chisanathe, ndipo Saimi anayamba za mapazi.

"Usathamange. Yenda ngati ukupita kusukulu Lolemba. Phazi lomaliza ligone chopingasa, zala ziloze kumbali. Uponde kaye, chiuno chizungulire, mapewa atsatire, dzanja likhale lomaliza. Ndipo maso uwachotse kutsogoloko. Dengu silithawa."

"Nanga ndilasa bwanji chinthu chomwe sindikuchiona?"

"Unachiona usanayambe. Wachiiwala kale?"

Atamulola kugwiranso chimbale, lamulo linali limodzi: akaponya asayang'ane chimbale, ayang'ane mapazi ake m'chipale. Phazi likaloza kutsogolo, kuponyako sikuwerengedwa, ngakhale chimbale chitapita kutali chotani.

Koma ndiye zinayamba ndi kuipa. Mnyamata amene ankafika pakati pa dziwe tsopano ankalephera ngakhale theka la bwalo la mpira. Zimbale zinkapulumuka m'manja, zina kulowera kumanja, zina kugudubuzika pansi ngati tayala. Anzake ankabwera kudzakhala pampanda kudzaonera ulere.

"Aise Otso, dzanja lija unalibwereketsa kwa ndani?"

"Musiyeni, akuphunzira gule. Aphunzitsi ake ndi awo ali apowo, ofika m'chiuno."

Kunyumba nakonso sikunali mtendere. A Veikko anali atadutsa ndi galimoto tsiku lina n'kumuona mwana wawo akukupiza thaulo kukhoma.

"Ndamva wasiya masewera, wayamba kuthamangitsa ntchentche," anatero pa chakudya. "Mphamvu zonse zija ukuziwononga chifukwa cha kamtsikana kosatha kunyamula ngakhale nkhwangwa."

Zinamupweteka Otso, chifukwa bambo akewo ankawakonda, ndipo chibadwire anali asanawatsutsepo pa nkhani ya kuponya. M'mawa mwake anafika pabwalo nkhope ili yakugwa.

"Kale ndinkafika pakati. Pano ngakhale pakatipo sindifika. Kwatsala masabata atatu, Saimi."

"Pakati pa dziwe ndi m'mphepete mwa dziwe, chimbale chimanyowa chimodzimodzi," anatero Saimi. "Ukufuna kubwerera? Bwerera. Chipewa chija chimakukhala bwino."

Otso sanabwerere. Chipale chitatha, Saimi anasesa mchenga uja amathira m'misewu nthawi yozizira, n'kuumwaza pansi kuti mapazi azionekabe. Ndiye tsiku lina Lachiwiri, Otso atatopa moti analibenso mphamvu zolimbana nacho chimbale, anangoyenda mwaulesi, anatembenuka, anaponda, n'kumasuka. Anamva kanthu kakuti thwa kunsonga za zala. Chimbale chinachoka chokha, chafulati, chinadutsa pakati pa bwalo, chinapitirira, n'kukagwera m'ukonde wa golo la tsidya.

Anayang'ana dzanja lake modabwa.

"Komatu sindinachimenye."

"N'chifukwa chake chapita," anatero Saimi. "Taona pansi."

Pamchenga panali phazi logona chopingasa, ndipo pachidendene panali kabowo kozungulira pomwe thupi linapotolokera. Otso analiyang'ana phazi limenelo nthawi yaitali.

Loweruka loyamba la Meyi anthu anadzaza pa dengu lachisanu. Akuluakulu anali m'madzi ndi majombo ofika m'chifuwa, akukoka mareki. Ena ankawotcha masoseji, ena kuthira khofi. Zimbale zamatope zinaunjikidwa pa udzu kudikira kuwerengedwa. Kenaka a Marjatta anaimba wezulo, achinyamata n'kufola. Saimi anawoloka ndi chimbale choyamba, osasiya n'kubwira komwe. Ena atatu anawoloka, mmodzi anamiza zonse ziwiri n'kupita kukalira kuseri kwa mitengo. Otso anali womaliza.

Atakwera pakapeti wa poponyera, anamva mawu kumbuyo kwake. A Veikko anali atabwera, atavala jekete yawo yakale ya mpikisano, ataima kuseri kwa poponyera penipeni.

"Mphamvu, mwana wanga! Aonetse dzanja la kwa Rautiainen. Maso kutsogolo."

Mawu a bambo amalowa m'mafupa. Otso sanadziwe n'komwe kuti miyendo yayamba liti kuthamanga. Anachikwapula, chimbale chinakwera, chinapendekera kumanzere, n'kugwa pakati pa dziwe, chubwi. Abakha anauluka. Kumbuyo wina analira ngati chule, ena n'kuseka chobisa.

"Chatsala chimodzi," anatero a Marjatta.

"Sunachimenye mokwanira," anatero a Veikko. "Bwerera m'mbuyo kwambiri, uthamange."

Otso anayang'ana kwa Saimi. Mtsikanayo ankangobwira maswiti ake. Ndiye Otso anachita chimene anazolowera masabata onse aja: anayang'ana pansi. Nsapato zake zinali zamatope, ndipo pakapeti panali phazi lake, looneka bwinobwino, zala zitaloza dziwe ndendende. Mtima unakhala pansi. Vuto analiona ndi maso ake, ndipo mankhwala ake ankawadziwa.

"Bambo," anatero motsitsa mawu, "chonde mungokhala chete pang'ono. Ndikudziwa chochita."

A Veikko anapisa manja m'matumba a jekete.

Otso sanabwerere m'mbuyo. Anayang'ana dengu kamodzi, anapuma, n'kuyamba kuyenda cham'mbali, pang'onopang'ono, ngati wopita kusukulu Lolemba. Sitepe yoyamba, yachiwiri, ndipo anatembenuza mapewa mpaka dziwe lonse linali kumsana kwake. Maso ake anakumana ndi a bambo ake. Phazi linaponda chopingasa, chiuno chinazungulira, chigongono chinatsogola, chimbale chinadutsa pachifuwa, thwa.

Chinayenda chafulati pamwamba pa madzi. Chinadutsa pakati paja pomwe panamira zinzake zonse, chinadutsa mabango, n'kukatera pa udzu, masitepe owerengeka kuchoka padengu.

Anthu anawomba m'manja, ndipo kuno anthu sawombera m'manja zilizonse. A Marjatta anachonga dzina papepala n'kutembenukira kwa a Veikko.

"Magazi a nthungo aja aoneka lero, a Veikko. Mwamuphunzitsa bwino mwanayu."

A Veikko anakonza kolala ya jekete, chifuwa chikukwera. Otso akanatha kungokhala chete, ndipo palibe akanamudzudzula. Saimi anali atayamba kale kulongedza chikwama chake, ngati nkhaniyo siikumukhudza.

"Si bambo ayi," anatero Otso mokweza kuti onse amve. "Bambo anandipatsa dzanja. Koma kuponyaku wandiphunzitsa ndi Saimi, yemwe uja ndinamunena kuti kamwana. Akanapanda iye bwenzi pano ndikulira kuseri kwa mitengo."

A Veikko anayenda pang'onopang'ono mpaka pakapeti. Anawerama n'kuyang'ana mapazi awiri amatope aja, lina loloza dziwe, lina logona chopingasa. Anawayang'ana nthawi yaitali, akudzikanda kuchibwano, monga munthu amene moyo wake wonse wakhala akuyeza mapazi pa mzere woponyera.

"Mtsikana iwe," anatero pomaliza, "tabwera kuno. Phazili ukuti liziloza kuti?"

Saimi anawaonetsa. A Veikko anabwereka chimbale cha Otso, anayesa kutembenuka, koma thupi la zaka makumi asanu silimva msanga. Chimbale chinagwa chubwi pafupi ndi gombe lomwelino. Anthu anafa nacho chiseko, ndipo amene anaseka kwambiri anali a Veikko eni ake.

"Lolemba ndibwere ndi chiyani?" anafunsa a Veikko.

"Thaulo," anayankha Otso ndi Saimi pamodzi.

Zimbale zovuulidwa zija zitawerengedwa, za Otso zinapezeka khumi ndi ziwiri, pafupifupi zonse za chilimwe chathacho, ndipo panalibe womuyandikira. Dziwe silikhululuka zakale. Chipewa cha chule chinabwerera pamutu womwe uja, ndipo ulendo uno anachivala yekha, osadikira kuti amuveke.

Anachivalanso m'mawa wopita ku Joensuu. Anali woyamba kulowa m'basi, anasankha mpando wabwino wa pawindo, n'kuikapo chikwama kuti wina asakhalepo. Anzake atamufunsa ngati chikwamacho chalipira ulendo, iye anangoyang'ana kukhomo la basi. Saimi atalowa, magalasi ali ndi nthunzi, Otso anachotsa chikwama chija n'kuimirira kuti mtsikanayo adutse. Otso anakhala pampando wa m'kanjira, maondo akugunda mpando wakutsogolo, mpaka kukafika.